Ndinapita kukaona madenga, maso anakakamira pa ngalande

Lamulungu, 6 Okutobala 2024. Frankfurt

Ndikulemba nditakhala pansi penipeni pa siteshoni ya sitima ya pabwalo la ndege, msana nditatsamira chikwama. Pa Chileka tinanyamuka dzulo dzuwa likuswa mtengo, ku Addis Ababa tinadikira mpaka pakati pa usiku, ndipo kuno tatera m'mamawa kunja kuli chisanu choti Juni wa ku Dedza n'kamwana. Tilipo ophunzira 11 a chaka chachinayi cha zojambula mapulani a nyumba, ndi aphunzitsi athu awiri. Ulendo ndi wa ku Freiburg, kummwera kwa Germany, kufupi ndi malire a France ndi Switzerland, komwe anthu amapita kukaona nyumba za m'tauni zosawononga chilengedwe.

Jekete lomwe ndavalali ndinagula pa kaunjika ku Limbe. Wogulitsayo analumbira kuti linachokera ku Germany konkuno. Ngati ananena zoona ndiye kuti labwerera kwawo, koma silikuonetsa kuti malowa likuwadziwa. Mphepo ikungolowa ngati sindinavale kanthu.

Sitima yathu yachedwa ndi mphindi 50. Ndaseka ndekha, poti kunyumba aliyense anandiuza kuti kuno ngakhale tambala amalira atayang'ana wotchi. Kabotolo ka madzi ndagula mayuro atatu. Nditawerengera mu kwacha, pa mtengo wa kubanki wa K1,900 pa yuro, ludzu linatha ndisanatsegule n'komwe. Aphunzitsi atilangiza kuti tisiye kuwerengera, apo ayi tifa ndi njala ndalama zili m'thumba.

Usiku, Freiburg. Maola awiri a pa sitima ndagona onse, ndiye za m'njira musandifunse. Lamulungu masitolo kuno amatseka, kupatula timashopu ta pa siteshoni. Mgonero wanga ndi buledi wouma ngati chikuni ndi mtedza wokazinga womwe amayi anandilowetsera m'chikwama mokakamiza. Pa Chileka ndinawauza kuti andichititsa manyazi. Pepani amayi.

Lolemba, 7 Okutobala. Pakati pa tauni

Atigulira tikiti ya mwezi wonse ya mayuro 49 (mtengo wa mu 2024), yokwerera basi, tramu ndi sitima zoima paliponse m'dziko lonse lino. Tramu ndi kasitima kamagetsi koyenda mumsewu momwemo, pakati pa anthu ndi njinga. Mulibe kondakitala, mulibe woitanira, mulibe wokuuza kuti sunthani pang'ono tikhale anayianayi. Umangolowa. Koma akakupeza ulibe tikiti ndi mayuro 60, ndiye foni ndikuigwira ngati dzira, poti tikiti ili momwemo ndipo batire langa silichedwa kutha.

Wotiyendetsa ndi bambo wina wachikulire yemwe ankagwira ntchito ya mapulani a mzinda, pano anapuma. Sanayambe ndi nyumba. Anatiimika pakati pa msewu n'kutiuza kuti usiku wa pa 27 Novembala 1944 mabomba anagumula pafupifupi dera lonse lomwe tinaimapolo. Pomanganso, mizinda yambiri ya ku Germany inakuza misewu kuti galimoto zizidutsa bwino. Freiburg inasunga mizere ya misewu yake yakale, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 inachotsa galimoto pakati pa tauni, tramu n'kuisunga pomwe anzawo ankazula njanji. Kenako mu 1975 kunabuka nkhani ya ku Wyhl, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, komwe boma linkafuna kumanga malo opangira magetsi a nyukiliya. Alimi a mphesa ndi ana a pa yunivesite anakakhala pamalopo miyezi ndithu, ndipo chinyumbacho sichinamangidwe mpaka lero. Bamboyo akuti atapambana anatsala ndi funso lowawa: chabwino mwakana, nanga magetsi muwatenga kuti? Zomwe tabwera kudzaonazi akuti zinayambira pa funso limenelo.

M'mbali mwa misewu ya m'tauni mumayenda tingalande ta madzi oyera mbee, totchedwa Bächle. Tilipo kuyambira zaka za m'ma 1200, ndipo kale ankazimitsira moto ndi kumwetsa ziweto. Eni ake amati ukapondamo mwangozi udzakwatira munthu wa ku Freiburg. M'kalasi mwathu muli mnyamata wina timamuti Bwana Simenti, chifukwa ngakhale mutamuuza kuti ajambule khola la nkhuku amalithira konkire. Iyeyo amajambula nsanja ya tchalitchi akuyenda chafutambuyo, kenako phuvu, mwendo wonse m'madzi. Tamuuza kuti ayambe kufunafuna ankhoswe.

Nkhomaliro tadya pa msika wa pa tchalitchipo: soseji yaitali yofiira, Lange Rote, m'banzi ndi anyezi, mayuro anayi. Yokoma, koma m'mimba mwangomva ngati ndalawa ndiwo nsima ikubwera.

Lachiwiri, 8 Okutobala. Vauban

Tramu nambala 3, mphindi ngati 15 kuchokera pa siteshoni. Titatsika, chomwe chinandigunda koyamba ndi bata. Kunali zii, moti ndimamva tcheni ya njinga ikulira patali, ndi mwana akukanira nsapato pa khonde la pamwamba. Njanji ya tramu imadutsa pa kapinga, ndiye nayonso sichita phokoso.

Malowa kale anali kampu ya asilikali. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1930, nkhondo itatha mu 1945 munalowa asilikali a ku France, omwe anaipatsa dzina la katswiri wawo womanga malinga a nkhondo, Vauban. Atachoka mu 1992, khonsolo ya mzinda inagula mbali yaikulu ya malowo, omwe onse ndi mahekitala pafupifupi 40. Apa m'pomwe bambo uja anatsindika. Poti mwini malo anali mzinda, unatha kuika malamulo pogulitsa maploti, ndipo maploti ambiri unawadula ang'onoang'ono kuti asamezedwe ndi makampani akuluakulu okha. Anthu wamba nawo anapanga bungwe lawo, Forum Vauban, lomwe linkakangana ndi khonsolo pa chilichonse. Kumanga kunayamba cha m'ma 1998, tramu inafika mu 2006, ndipo pano mukukhala anthu pafupifupi 5,500.

Za galimoto ndi zomwe zinatisokoneza mutu tonse. Sikuti n'zoletsedwa ayi. Ukhoza kulowa nayo mpaka pakhomo kudzatsitsa katundu, koma uyende ngati munthu wapansi, ndipo ukatsitsa uchoke. M'timisewu tambiri ta m'kati mulibe poimika galimoto. Ukafuna kukhala nayo ugule malo mu garaja yosanja ya kumalire kwa dera, ndipo malo a galimoto imodzi anali mayuro oposa 15,000 ngakhale kalelo. Wopanda galimoto amasaina chikalata chaka ndi chaka kuti alibedi. Lamulo la zomanga linkafunabe kuti nyumba iliyonse ikhale ndi poimika galimoto, ndiye opanda galimotowo anasonkha ndalama n'kugula ploti imodzi kumapeto, kuti tsiku lomwe adzasinthe maganizo adzamangepo garaja. Tapita kukaiona. Pali udzu, mitengo ndi ana akuthamangitsana. Nzeru zoterezi ndimayesa ndi za kwathu kokha.

Nyumba zambiri n'zosanja katatu kapena kanayi, zogundana khoma ndi khoma, iliyonse mtundu wake. Mitengo ikuluikulu ya nthawi ya asilikali sanaidule, misewu ndi yomwe inaipatuka. Pakati pa midadada ya nyumba anasiya mipata isanu yobiriwira yoti mphepo yochokera kuphiri izidutsa, ndipo momwemo ndi momwe ana amasewerera.

Ndivomere chinthu chimodzi. Kusowa kwa mipanda kwandisautsa tsiku lonse. Njinga za ana zili mbwee pamsewu, nsapato pakhomo, mipando panja, zenera lalikulu lopanda mabagila munthu akudya m'kati ukumuona. Kwathu munthu akagula ploti amayamba mpanda wa njerwa, magalasi osweka pamwamba, nyumba pambuyo. Ine ndemwe, pulojekiti iliyonse ya kusukulu ndimayamba ndi mzere wokhuthala wozungulira ploti, osaganiza n'komwe. Lero ndimangodzimva ngati ndalowa kuchipinda kwa eni ake osaodira.

Lachitatu, 9 Okutobala. Vauban kachiwiri, kukugwa mvula

Yayamba usiku ngati chiperoni, pofika masana inali mvula yeniyeni. Anzanga anathawira mu lesitilanti ya mu Haus 037, nyumba yakale ya asilikali yomwe pano ndi holo ya dera. Ine ndinatsalira panja, chifukwa ndinaona chinthu chomwe dzulo ndinachidutsa osachizindikira.

Madzi a padenga kuno salowa m'mapaipi a pansi pa nthaka. Amatsika ndi paipi ya pakhoma n'kugwera m'kamsewu ka miyala kopendekera pang'ono, kosazama, koti njinga imadutsapo osamva. Kamsewuko kamawatenga poyera, aliyense akuwaona, mpaka kukawathira m'chigwa chachitali cha udzu chomwe chimatsata njanji ya tramu. Dzulo ndimayesa kapinga wamba. Lero munali madzi ofika m'kakolo, ataima phee, akulowa pansi pang'onopang'ono. Pansi pa udzuwo anaikamo miyala yoti izisunga madzi, ndipo akachuluka zedi otsalawo amapita kukamtsinje ka m'malire mwa dera. Madenga ambiri afulati anadzalapo timaudzu, ndiye madzi ena amachedwa kumwamba komweko asanatsike.

Ine ndinakulira ku Chilobwe. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atabwera, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinadutsa mtunda wosakwana kuyenda mphindi zisanu kuchokera pakhomo pathu. Sindilemba zomwe ndinaona m'mawa mwake. Kuyambira pamenepo mvula ikamagwa usiku sindigona, ndimamvetsera. Ndipo sindikunamizani kuti kachigwa ka udzu aka kakanaimitsa Freddy. Ayi ndithu. Kuno n'kwafulati, mvula yawo njaulemu, ndipo phiri likagumuka palibe ngalande yomwe ingalibweze. Chomwe chinandiimika pa mvulapo n'chakuti madzi anawapatsa ploti yawo nyumba zisanabwere. Munthu wina anakhala pansi n'kunena kuti apa sitigulitsa, apa n'pa madzi. Kwathu maploti amadulidwa kuchokera m'mphepete mwa mtsinje mpaka m'khosi mwa phiri, aliyense n'kutchinga wake ndi njerwa, ndipo madzi amadzipezera okha njira, nthawi zambiri kudzera kuchipinda kwa munthu.

Ndinatulutsa tepi n'kunjuta kuti ndiyeze kuya kwake. Ndili chinjutire ndinamva mawu kumbuyo, m'Chingerezi chothyokathyoka: “Mwataya chiyani, mwana wanga?” Anali agogo ena aakazi, tsitsi la mbuu, atakankha njinga yodzaza masamba a pa msika wa Lachitatu wa pa Alfred-Döblin-Platz. Nditawafotokozera anaseka mpaka kugwira chishalo. Akuti zaka zonsezi aona alendo ambirimbiri akujambula madenga a sola, koma woyeza dzenje ndine woyamba. “Tiyeni mukaume, mungadwale.”

Ndinachita mantha pang'ono, sindikana. Kulowa m'nyumba ya munthu wosamudziwa, dziko la eni, foni ili pa 9 peresenti. Koma mano anali akugundana, ndiye ndinawatsatira.

Nyumba yawo ili pa nsanjika yachitatu. Masitepe ali panja, ndipo makomo onse amatsegukira pa khonde limodzi lalitali lamatabwa, lotakata moti pali mabenchi, miphika ya maluwa ndi nsapato za anthu onse. Nsapato zanga nazo ndinavula pompo. Anandipatsa sokosi zaubweya za amuna awo, tiyi, ndi keke ya maapozi, ndipo anandifotokozera momwe anamangira. Analipo mabanja 14 omwe anapezana kudzera pa kachidziwitso ka m'nyuzipepala. Anagula ploti limodzi, analemba ntchito wojambula mapulani mmodzi, n'kumanga popanda kampani yogulitsa nyumba pakati, ndiye phindu lomwe kampaniyo ikanadya linatsala m'matumba mwawo. Gulu lotere amaliti Baugruppe, ndipo mbali yaikulu ya Vauban inamangidwa choncho. Ndinawauza kuti kwathu tili ndi banki m'khonde ndi chipereganyu, koma sindinamvepo anthu atasonkherana kumanga nyumba imodzi yosanja. Anandichenjeza kuti ndisaone ngati zinali zokoma. Misonkhano inatenga zaka zitatu, Lachinayi lililonse. Mtundu wa penti ya masitepe unawadyera miyezi iwiri, ndipo banja lina linatuluka m'gululo chifukwa cha malo oika makina ochapira.

Makinawo ali pansi, m'chipinda cha onse. Kulinso chipinda chimodzi cha alendo chomwe umalembetsa pa pepala la pakhoma, kuti banja lililonse lisamange chipinda chongodikira apongozi obwera kamodzi pa chaka.

Kenako anakhala chete pang'ono n'kunena zomwe bambo wa mapulani uja sanatiuze. Ana awo anakula n'kuchoka. Nyumbayo yawakulira, koma sangasamuke chifukwa yaing'ono yomwe angapeze m'deramo njodula kuposa momwe anamangira yawoyi. “Tinamanga tili achinyamata opanda ndalama zambiri,” anatero. “Lero achinyamata onga ife aja sangagule muno.”

Sokosi anakana kuti ndibweze. Ndavala pano ndikulemba.

Lachinayi, 10 Okutobala. Solarsiedlung

Lero ndiye tsiku la madenga, lomwe aliyense amaliyembekezera. Kungodumpha msewu wa Merzhauser Straße kuchokera ku Vauban kuli nyumba 59 zomwe anajambula Rolf Disch, zomangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Zisanu ndi zinayi mwa izo zinakhala pamwamba pa chinyumba chachitali cha mashopu ndi maofesi chotchedwa Sonnenschiff. Denga lililonse linapendekera kummwera, komwe kuno kumakhala dzuwa, ndipo denga lonselo ndi sola yokhayokha. Pa chaka nyumbazi zimapanga magetsi ambiri kuposa omwe zimagwiritsa ntchito, otsalawo eni ake amagulitsa. Bwana Simenti anagogoda khoma, n'kugogodanso, nkhope itagwa. Ndi matabwa.

Chomwe chandisangalatsa ine si sola koma mlomo wa denga. Unatuluka motalika mwadala. M'chilimwe, dzuwa likakhala pamutu, umaphimba mawindo. M'nyengo yozizira dzuwa limayenda chammunsi, ndiye limalowa pansi pa mlomowo mpaka m'kati mwa chipinda n'kuchitenthetsa. Palibe batani, palibe waya. Pafupi pomwepo pali Heliotrop, nyumba yozungulira yomwe Disch anadzimangira mu 1994, yomwe imatembenuka yonse kutsata dzuwa. Taijambula, tachoka. Kwa ine chimenecho n'chidole cha munthu wanzeru.

Masana anatilowetsa m'nyumba ya mtundu wa Passivhaus. Yoyamba yotere inamangidwa ku Darmstadt mu 1991. Khoma lake n'lokhuthala ngati mkono wanga kuchokera pa chigongono, ndipo gawo lalikulu ndi zotchingira kuzizira. Mawindo ali ndi magalasi atatu. Nyumba yonse njomata ngati fulasiki, moti mpweya umalowa ndi kutuluka kudzera m'makina omwe amalanda kutentha kwa mpweya wotuluka n'kupatsa wolowa. Muyeso wake ndi wakuti kutenthetsa nyumba kusapitirire mayunitsi 15 pa sikweya mita pa chaka, mayunitsi omwewa timagula a magetsiwa. Nyumba wamba za mu Vauban malire ake ndi 65.

Madzulo ku hositelo tinakangana mpaka woyang'anira anabwera kudzatiletsa phokoso. Ena akuti tikamange zomwezi ku Lilongwe. Ine ndinawafunsa kuti fulasikiyo ikakhala ku Nsanje mwezi ngati uno, magetsi n'kuzima maola asanu ndi atatu makina a mpweya ataima, m'katimo mukhala munthu kapena mbatata yootcha? Anthu awa mdani wawo ndi chisanu. Ife mdani wathu ndi malata opanda siling'i omwe amakuphika masana n'kukuzizira m'bandakucha. Aphunzitsi anangomvetsera, kenako anatipatsa ntchito: aliyense alembe zomwe angatenge kuno popanda kuitanitsa kanthu kunja. Pa pepala langa pali mlomo wa denga, kuyang'anitsa nyumba koyenera, mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, siling'i, ndi makoma ogawana. Khoma logawanalo ndalilemba kawiri. Nyumba ziwiri zikagundana, khoma limodzi lapulumuka, ndipo tikawerenga mitengo yomwe imathera mu uvuni wa njerwa, si nkhani yaing'ono. Boma linaletsa kale njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu mu 2018, koma mipanda ya m'makomo ikudyabe nkhuni.

Lachisanu, 11 Okutobala. Weingarten

Tramu yomweyi nambala 3, koma kulowera mbali inayo. Ukakhala pa zenera umaona anthu akusintha. Njinga zodula zokhala ndi bokosi la ana kutsogolo zimachepa, m'malo mwake mumalowa amayi a mipango kumutu, agogo olankhula Chirasha, anyamata akuda ngati ine. Kwa nthawi yoyamba sabata ino palibe anandiyang'ana kawiri.

Weingarten ndi dera la nyumba zazitali za konkire za m'ma 1960, zambiri za kampani ya nyumba ya mzinda. Bwana Simenti anafika kwawo. Tinapita pa Bugginger Straße 50, nyumba yosanja ka 16 yomangidwa mu 1968. M'malo moigwetsa anaivula yonse n'kutsala mafupa okha, anaiveka zotchingira kuzizira, makonde akale anawalowetsa m'kati kuti akhale zipinda n'kumanga ena atsopano kunja, ndipo pomaliza mu 2011 inafika pa muyeso wa Passivhaus. Mafulati anali 90, pano alipo 139. Anawachepetsa dala. Kukonzako kumakweza lendi ya sikweya mita, ndiye fulati ikachepa, ndalama ya pa mwezi siithawa kwambiri anthu omwe ankakhalamo. Anthu asanalowe anawaitana kuti adzaonane ndi omwe adzakhale nawo pa nsanjika imodzi, kuti munthu asankhe aneba ake.

Kunena zoona, si yokongola. Palibe mnzanga anaiika pa WhatsApp. Koma pa zonse zomwe taona, iyi ndi yomwe amayi anga angakwanitse kukhalamo akanakhala a kuno. Ndipo ilipo chifukwa mu 2006, khonsolo itafuna kugulitsa nyumba zake kuti ibweze ngongole, anthu a mumzinda anavota n'kukana. Nkhani ya Lachiwiri ija yabweranso: mwini malo ndani.

Pobwerera ndinafunsa bambo wina wa ku Cameroon mu tramu komwe ndingapeze ufa. Sanangondilozera. Anatsika nane pamalo pomwe sipanali pake, anandiperekeza mpaka pa kashopu ka zakudya za ku Africa, n'kuuza mwini wake kuti mlongo wangayu mumupatse woyera, osati wachikasu. Makilogalamu awiri, mayuro asanu ndi limodzi. Sindinawerengere mu kwacha.

Loweruka, 12 Okutobala. Zürich

Tadzuka 5 koloko. Tikiti yathu ija imathera pa siteshoni ya Basel Badischer Bahnhof, polowera ku Switzerland, kuchokera pamenepo ndi ndalama zina, ndipo za ku Switzerland n'zolira nazo. Khofi mafranki asanu. Tinanyamula mazira owiritsa ngati tikupita ku Mzuzu pa basi.

Tinapitira nyumba imodzi, Kalkbreite, yomalizidwa mu 2014. Pansi pake ndi pogona matramu usiku. Anthu anapanga kopaletivi, mzinda unawabwereka malowo, iwo n'kumanga nyumba mozungulira ndi pamwamba pa shediyo. Ukakwera masitepe aakulu kuchokera mumsewu umapezeka pa bwalo la mitengo ndi mchenga wa ana, matramu ali pansi pa mapazi ako. Mumakhala anthu pafupifupi 250. Wolowamo amalonjeza kuti sakhala ndi galimoto, ndipo fulati yaikulu saipereka kwa anthu ochepa. Ena ali ndi kachipinda kawo ndi bafa, khitchini yaikulu n'kugawana ndi anzawo. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandinong'oneza kuti ku Ndirande zimenezi timazitcha mavuto, kuno akuzitcha nzeru zatsopano. Tinaseka, koma pobwerera ndimaganiza kuti kusiyana kwake n'kwakuti awa anasankha okha, bafa likugwira ntchito, ndipo palibe landilodi wobwera pa 1 kudzakweza lendi poti wamva kuti mwagula TV.

Ndatopa. Mapazi atupa, ndipo ndalama zatsala zoti ndiziwerenga kawiri.

Lamulungu, 13 Okutobala. Ku hositelo

Taphika nsima. Mthiko kulibe, tinagwiritsa ntchito chikombe chamtengo chophikira supu chomwe chinathyoka pa mtanda wachitatu. Ndiwo zinali kabichi ndi nsomba za m'chitini. Tinadya ndi manja tonse 13, aphunzitsi omwe, ndipo mtsikana wina wa ku Korea yemwe amatiyang'ana tinamupatsa mbamu yake. Pomaliza tinayima pa migomo ya zinyalala ngati pa mayeso: mapepala uku, mapulasitiki uku, zotsala za chakudya uku. Mabotolo sataya, ukabweza kusitolo amakupatsa mpaka masenti 25 pa lililonse. Bwana Simenti watolera a gulu lonse, akuti ndi malowolo.

Masana ndinabwerera ndekha ku Vauban kukamaliza kuyeza chigwa chija. Chauma, mwatsala timatope pang'ono ndi masamba. Mulifupi ndinapeza mapazi anga 14. Ndinayang'ana kukhonde la agogo aja koma njinga yawo panalibe.

Ntchito ya temu ino ndi kujambula nyumba za mabanja 40 pa malo otsetsereka ku Blantyre. Usiku uno ndayamba. Ndajambula mizere ya kutsetsereka kwa malo, kenako njira ya madzi, kenako njira ya anthu oyenda pansi ndi pomwe minibasi ingaime. Aphunzitsi anasuzumira pa phewa langa n'kufunsa kuti, “Nanga nyumba zili kuti, amayi?” Ndawauza kuti zikubwera. Mzere wa mpanda dzanja limafuna kuujambula lokha, ndinachita kulikaniza. Sindikudziwa ngati ndipirire mpaka pa tsiku lopereka.

Lolemba, 14 Okutobala. Mu sitima ya ku Frankfurt

Yanyamuka pa nthawi yake, ndiye ndabweza mawu anga a tsiku loyamba, theka lake. Mawa ndi tsiku la anakubala ndipo ndidzakhala ndili m'mwamba kapena pa mzere ku Addis Ababa, choncho ndawaimbiratu amayi. Mphatso yawo ndi chokoleti cha mayuro awiri ndi sokosi za agogo aja, ndazichapa.

Anafunsa ngati ndikudya. Anafunsa ngati nyumba za azunguzo zili ndi mipanda. Nditati ayi, anati, “Nanga akuba?” Ndinati sindinawaone. Anati akuba saoneka, mwana iwe. Kenako anafunsa komwe amayanika zovala, ndipo nditawauza za chipinda chochapira cha anthu onse anati zimenezo ndiye za mkangano, wina adzatenga chitenje cha mnzake.

Tili pafupi kudula anandiuza kuti usiku wathawu kwagwa chizimalupsa, chosakhalitsa, koma ngalande ya kuseri kwa nyumba yatsekeka kale ndi majumbo ndi mabotolo, madzi anafika pa sitepe ya khitchini. Aneba a kumtunda akuti si yawo, a kumunsi akuti si yawo. Ndawauza kuti abwereke fosholo kwa a Shehe, ndifika Lachitatu.